Mphini za Agogo ndi Mphini za Mdzukulu

Lamulungu lina, pa Misa yachiwiri, m'parishi ina imene sitiitchula dzina, mtsikana wina adaimirira kukawerenga Mau oyamba. Adali atangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg, kumene adagwira ntchito ya m'nyumba zaka zitatu. Asanapite kumeneko ankawerenga kawirikawiri, ndipo akristu ankamuyamikira chifukwa mau ake ankamveka mpaka ku benchi lomaliza. Tsiku limenelo adawerenganso bwino monga kale. Koma potambasula dzanja kuti atsegule tsamba, mkono wa bulauzi udakwera pang'ono, ndipo a m'mabenchi akutsogolo adaona kaduwa ndi malemba angapo olembedwa ndi inki pa khungu lake. Kuyambira pomwepo, tikukayika ngati alipo amene adamvanso zimene mneneri ankanena.

Misa itatha, mlandu udazengedwa patsinde pa mtengo wa mango, mwiniwake palibe. Pasanathe masabata awiri dzina lake lidasowa pa mndandanda wa owerenga. Ankhoswe a mnyamata amene adamfunsira mbeta adatumiza mau akuti ayambe aganizaponso. Anyamata a pa sitolo, amene kale ankampatsa moni mwaulemu, adayamba kumuimbira mluzu akamadutsa, ndipo amuna ena apabanja adayamba kufunafuna nambala ya foni yake. Mwa anthu onsewa padalibe ndi mmodzi yemwe amene adamfunsa kuti, "Mwanawe, malembawa akuti chiyani?" Akadafunsa akadamva kuti ndi dzina la mai ake pamodzi ndi tsiku limene adamwalira. Maliro adachitika iye ali kutali, alibe ndalama ya basi, ndipo sadaponye nao dothi m'manda.

Tiulule kuti ifenso ansembe tidazimva zonsezi koma tidakhala chete, poopa kukhumudwitsa akuluakulu a tchalitchi. Kukhala chete kumeneko kudali kulakwa, ndipo nkhani ino tikuilemba ngati mbali ina ya kulapa kwathu. Tinenenso kuti m'kwaya ya parishi yomweyo muli mnyamata woimba limba amene ali ndi mkango waukulu wojambulidwa pa phewa. Aliyense amaudziwa, pakuti amauonetsa pa bwalo la mpira. Za iye anthu amangoseka n'kuti, "N'chibwana cha anyamata, adzakula." Mpaka lero akuimbabe limba.

Tsono tinene poyera chimene tikutsutsa. Sitikulalika kuti ana athu akazi athamangire kukalembetsa matatuu, monga achinyamata amazitchulira mphini zamakonozi. Tili nao mau owachenjeza, ndipo tiwanena. Chimene tikutsutsa ndi chizolowezi choona inki pa khungu la mkazi n'kugamula nthawi yomweyo za makhalidwe ake, za ukwati wake ndi za malo ake pakati pathu. Chizolowezi chimenechi n'chosalungama, n'chokondera, ndipo chimaononga miyoyo ya anthu amene tidawabatiza ndi manja athu.

Taiwala msanga

Inu amene mukuti zolemba pathupi n'zachilendo, zobwera ndi mafoni ndi makanema, takumbukani nkhope za agogo anu. Ambiri a ife tidaleredwa ndi amai okalamba amene adali ndi mphini pamphumi, m'masaya, pachifuwa ndi pamimba. Mphini zimenezo sankazitema chifukwa cha matenda, monga achitira asing'anga, koma chifukwa cha kukongola. Mai waluso ankatema khungu ndi lumo, n'kupakamo makala osinja, ndipo bala likapola pankatsala mizere yakuda yotukuka pang'ono. Zikapanda kuoneka bwino ankabwereza, ndiye chake mpaka lero timati mphini yobwereza ndiyo imawala. Mwambi umenewu timaunena ngakhale m'maulaliki, osaganiza n'komwe kuti udabadwira pa khungu la akazi.

Masiku amenewo mphini zinkanena kuti mtsikana wakula, ngwolimba mtima, ndipo ngwa mtundu wakutiwakuti. Amuna ankakopeka nazo monga ankakopekera ndi mikanda ya m'chiuno, ndipo wopanda mphini ndiye ankasekedwa kuti ngwamantha. David Livingstone, amene adayenda m'chigwa cha Shire kuyambira mu 1859, adalemba m'buku lake la mu 1865 za mphini za Amang'anja ndi za pelele, mphete imene akazi ankaika m'mlomo wam'mwamba. Iye adaiona ngati chinthu chonyansa. Koma atafunsa mfumu ina yokalamba chifukwa chake akazi amaivala, mfumuyo idadabwa ndi funso lopusa lotero, niyankha kuti n'chifukwa cha kukongola, popeza amuna ali ndi ndevu pamene akazi alibe. Mlomo womwewo, maso awiri osiyana. Kwa abale athu Amakonde a ku Mozambique, mphini za kumaso zidali ulemu wa munthu wamkulu. Chipini cha pa mphuno nachonso chidali chokometsera amai ambiri a kunyanja.

Mwambo wa mphini udazilala pang'onopang'ono chifukwa cha sukulu, mipingo ndi moyo wa m'tauni, ndipo tivomere kuti amishoni ena adaunyoza mopitirira muyeso. Komabe agogo amphini aja adabatizidwa ndi mphini zao. Ndi iwo amene adasenza njerwa pamutu pomanga matchalitchi amene tikupempheramo. Ndi iwo amene adatiphunzitsa kugwira kolona. Adalandira Ukaristia ndi masaya otemedwa, ndipo palibe mngelo adatsika kudzawabweza. Kodi lero tinganene kuti adali akazi oyendayenda? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ngati sitingayerekeze kunena zotero za agogo, tikuzinena bwanji za mdzukulu wao?

Phunziro lake n'lakuti diso limachita kuphunzitsidwa. M'mibadwo itatu yokha, chimene chinkakopa mwamuna chasanduka chomuthawitsa, ndipo chimene chidali chizindikiro cha mwana wolangidwa bwino chasanduka umboni wa kuloŵerera. Khungu la mkazi silidasinthe. Chidasintha ndi nkhani imene ife oonerera timalemba pa khungulo.

Mlandu uli m'diso

Zimene tikunenazi akatswiri a za maganizo a anthu adaziyesa. Mu 2007, Viren Swami ndi Adrian Furnham a ku Britain adaonetsa anthu 160, amuna ndi akazi omwe, zithunzi 16 za mkazi zojambula pamanja. Pa zithunzi zina adajambulapo matatuu, pa zina ai. Oonawo adagamula kuti mkazi wa matatuu ngwosakongola kwenikweni, ngwokonda amuna ndiponso ngwokonda mowa, ndipo matatuu akachuluka chigamulo chinkakulanso. Taganizani bwino, abale. Mkazi ameneyo kudalibe. Adali mizere chabe pa pepala. Sadamwepo mowa, sadagonepo ndi munthu, adalibe mbiri ina iliyonse. Nanga chiwerewere ndi uchidakwa zimene adamnamizirazo zidachokera kuti? Zidatuluka m'mitu ya oonawo.

Onaninso msampha umene uli m'chigamulo chimenechi. Diso lomwelo limene likuti mkaziyu sayenera kukwatiwa, likutinso ngwosavuta kumpeza. Motero mnyamata wofuna banja amabwerera m'mbuyo poopa mau a kwao, pamene mwamuna wofuna kungoseweretsa ndiye amayandikira. Anthu a m'mudzi akaona afisi akuzungulira khomo la mtsikana uja, amaomba m'manja n'kuti, "Paja tidanena." Saona kuti afisiwo adaitanidwa ndi miseche yao yomwe. Mtsikana akakanidwa ku tchalitchi, akakanidwa kwa ankhoswe, amatsala ndi anthu okhawo amene akumulandira, ndipo kawirikawiri amenewo ndi omwe akufuna kumudya. Timamkankhira m'dzenje ndi manja athu, kenaka n'kumalalika za kuopsa kwa maenje.

Matenda a disoŵa sadayambe lero, ndipo ngakhale anthu ophunzira adadwalapo. Mu 1891, ku Deir el-Bahari m'dziko la Ejipito, anthu ofukula zakale adapeza mtembo woumikidwa wa mkazi dzina lake Amunet, amene adakhala moyo zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Pamimba, m'ntchafu ndi m'mikono yake mudali mphini za timadontho ndi timizere. Kwa zaka zambiri akatswiri achimuna ankati akazi olembedwa chotere adali ovina osangalatsa amuna kapena adzakazi. Chonsecho Amunet adali mtumiki wa chipembedzo wa mulungu wao wamkazi Hathor, munthu waulemu wake, ndipo akatswiri ena a masiku ano akuganiza kuti mphini za pamimbazo zidali zopempha chitetezo pa nthawi ya pakati ndi ya kubereka. Mkazi adagona m'manda zaka zikwi zinai, atangotulukamo n'kupeza amuna akumuyembekeza ndi miseche.

Komanso kuŵerenga khalidwe la munthu pa inki n'kosatheka ngakhale mwa masamu. Bungwe la Pew Research Center lidapeza mu 2023 kuti ku United States anthu akuluakulu 32 mwa 100 aliwonse adali ndi tatuu, ndipo mwa akazi adali 38 mwa 100, kuposa amuna amene adali 27. Kodi akazi onsewo ndi oyendayenda? M'gulu limenelo muli anamwino, aphunzitsi, amasiye ndi agogo. Ku New Zealand, mu 2020, mai Nanaia Mahuta adasankhidwa kukhala nduna yoona za maiko akunja ali ndi mphini za makolo ao a Chimaori pa chibwano, ndipo adaimira dziko lao pamaso pa atsogoleri a maiko ena ali nazo.

Kwathu kuno tikudziwa kumene maganizo otere amakathera. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo lidathetsedwa mu 1993. Koma mu Januwale 2012, zaka pafupifupi 20 lamulolo litatha, anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre adavula akazi pagulu chifukwa cha zovala zao, mpaka amai adasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa nkhanzazo. Anyamatawo ankati akuteteza chikhalidwe. Chikhalidwe chanji chovula mai wa mwini dzuwa likuswa mtengo? Muzu wake ndi womwewu: kuganiza kuti thupi la mkazi ndi chikwangwani chimene aliyense wodutsa ali ndi ufulu wochiwerenga, kuchimasulira ndi kupereka chilango. Ife a patsinde pa mango sitidang'ambe nsalu ya munthu, koma tidamvula mbiri yake, ndipo mbiri siisokeka ngati nsalu.

Nanga Malembo akuti chiyani?

Tikudziwa kuti ena afika kale pa Levitiko 19:28, pamene Aisraele adaletsedwa kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Tiyeni tiwerenge ndime imeneyi mwaulemu, koma tiwerenge mutu wonse. Ndime ya 27 ikuletsa kumeta m'mbali mwa mutu ndi kudula nsonga za ndevu. Ndime ya 19 ikuletsa kubzala mbeu za mitundu iwiri m'munda umodzi ndi kuvala nsalu yoombedwa ndi ulusi wa mitundu iwiri. Bambo amene adameta Loweruka, amene m'munda mwake muli chimanga ndi nyemba pa mzere umodzi, ndiye akuimirira ndi ndime ya 28 kuti aweruze mwana wa mnzake! Malamulo amenewa adaperekedwa kuti Aisraele asiyane ndi mitundu yowazungulira, imene inkadzicheka polira maliro ndi popembedza milungu yao. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, umene tikuuwerenga pa Ntchito za Atumwi 15, Atumwi sadasenzetse akristu a mitundu ina katundu yense wa malamulo otere.

Wina anena kuti, "Komatu mtsikana wanu uja adalemba dzina la womwalira, ndiye zomwezo zimene Levitiko akuletsa." Funsoli n'labwino. Koma chimene chidaletsedwa ndi mwambo wachikunja wokhetsa magazi pofuna kusangalatsa mizimu ndi milungu. Mwana uja sadapembedze mai ake. Adalemba dzina lao monga timalembera pa mtanda wa kumanda, kapena pa kapepala kopempha Misa ya akufa. Tingathe kunena kuti akadasankha njira ina, koma sitingathe kumutcha wopembedza mafano.

Ndipo popeza tatsegula mutu wa 19, tisautseke msanga. Ndime ya 15 ikulamula kuweruza molungama, mosakondera. Ndime ya 16 ikuletsa kuyendayenda ndi miseche pakati pa abale. Ndime ya 18 ndiyo ija Ambuye Yezu adaitcha lamulo lalikulu lachiwiri, la kukonda mnzathu. Awa ndiwo malamulo a m'mutu umenewu amene sadathe mphamvu, ndipo onse atatu tidawaswa patsinde pa mango paja. Eklezia alibe lamulo loletsa matatuu. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika, wa mu 1992, pa nambala 2477 ndi 2478, akutchula poyera tchimo la kuganizira mnzathu choipa popanda maziko okwanira, ndi tchimo la kuipitsa mbiri yake, ndipo akutilangiza kuti tiziyamba tamasulira zochita za mnzathu mokomera iye. Tsono pa anthu a m'nkhani yathu ija, ndani ayenera kuyamba kupita kukalapa?

Ena amati thupi ndi nyumba ya Mzimu Woyera. N'zoona ndithu, ndipo n'chifukwa chake sitiyenera kuliseweretsa. Koma werengani 1 Akorinto 6 kuyambira ndime ya 15. Paulo Woyera akudzudzula amuna opita kwa akazi adama. Mau amene adalembedwa kuti agwire mwamuna wachiwerewere, ife tawasandutsa ndodo yokwapulira mtsikana, pamene mwamuna wofunafuna nambala yake uja akukhala pa benchi lakutsogolo.

Mbiri ya Eklezia nayonso ikutitsutsa. Akristu a Chikoputi ku Ejipito amalemba kamtanda pa dzanja lamanja, akazi ndi amuna omwe, ndipo ambiri avutika chifukwa cha chizindikiro chimenecho. Ku Yerusalemu, kwa zaka mazana ambiri, amwendamnjira akhala akulembetsa mtanda pa mkono kuti ukhale umboni wakuti adafika ku malo oyera. Ku Bosnia, m'nthawi ya ulamuliro wa Ottoman, kuyambira mu 1463 mpaka mu 1878, atsikana achikatolika ankalembedwa mitanda m'manja ndi m'mikono kuti, chilichonse chingawagwere, asaiwale kuti ndi a yani. Ndipo pa 19 Marichi 2018, malemu Apapa Fransisko, polankhula ndi achinyamata ku Roma, adauza ansembe kuti asaope matatuu. Adakumbutsa za akristu a ku Eritrea olemba mtanda pamphumi, adachenjeza za kupyola muyeso, ndipo adati tatuu ingakhale poyambira kucheza ndi wachinyamata, pomufunsa kuti chizindikirocho chikunena kuti iye ndi wa yani. Langizo lao lidali lakuti tifunse. Ife sitidafunse, ndipo safunsa adadya phula.

Zilipo zizindikiro zoipa, sitikana. Akapolo a ku Roma wakale ankalembedwa mokakamizidwa. Ku ndende ya Auschwitz, kuyambira mu 1941, akaidi ankalembedwa manambala pathupi ngati ng'ombe. Lero lino alipo anthu ogulitsa anzao amene amalemba maina ao pa matupi a atsikana amene awagwira ukapolo. Mtsikana wotere akafika pakati pathu asowa chipatala, chitetezo ndi chikondi, osati bwalo la milandu. Ziliponso zithunzi zolaula ndi zonyoza Mulungu, zimene mkristu sayenera kuzinyamula pathupi. Koma zonsezi zikutiphunzitsa chinthu chimodzi: funso loyenera ndi lakuti chizindikirocho chikunena chiyani, ndipo adachisankha ndani. Kuona kaduwa n'kufuula kuti "zausatana" ndi ulesi wa maganizo wovala malaya a chikhulupiriro.

Otsiriza ndi aja amati, "Komabe akazi a m'mabala ambiri ali nazo." Kapena ena ali nazodi. Akazi omwewo amavalanso chitenje, amaluka tsitsi, amadzola mafuta. Kodi tiletse zitenje? Ndiponso tidati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mabanja angati m'maparishi mwathu adapasuka chifukwa cha anthu a khungu losalala, ovala yunifolomu ya bungwe, osajomba ku Misa? Ngati khungu loyera bwino si umboni wa mtima wabwino, khungu lolembedwa silingakhale umboni wa mtima woipa. Mneneri Samuele adauzidwa zimenezi ku nyumba ya Yese, pamene adakopeka ndi msinkhu wa mwana wachisamba.

Kwa inu ana athu akazi

Tsopano titembenukire kwa inu, pakuti amene akukutetezani ali ndi ufulu wokuuzani zoona. Tatuu si ndolo yoti muvule madzulo. Singano imaboola khungu lakunja n'kusiya inki m'khungu lam'kati, m'mene siingachoke ndi sopo kapena mwala. Kuichotsa kumafuna makina a kuwala kwamphamvu, maulendo angapo ndi ndalama zambiri, ndipo pa khungu lakuda ngati lathu kungasiye zipsera kapena mawanga. Ena mwa ife matupi athu amatupa zipsera zokhakhala ngakhale pa bala laling'ono. Singano yogwiritsidwa ntchito pa anthu angapo ingapatsire matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ngakhalenso HIV, monga lumo limodzi la sing'anga. Kuseri kwa shopu kumene mnyamata akulemba anthu ndi makina osaphitsa zipangizo si malo opitako ndi thupi lanu.

Kafukufuku wa Pew uja adapezanso kuti mwa anthu a matatuu, 24 mwa 100 ankanong'oneza bondo chifukwa cha imodzi kapena zingapo. Mtima wa zaka 19 si mtima wa zaka 40. Makamaka tikukupemphani: musalembe dzina la chibwenzi pathupi panu. Mnyamata amene sadatumize ankhoswe sayenera kukhala pa khungu lanu moyo wonse. Musalembetse chifukwa mwamuna wakuuzani kuti mudzakongola, kapena chifukwa anzanu pa Facebook atero, pakuti kumeneko n'kugonjera diso lomwe lija limene tikulitsutsa, kungoti lalowera khomo lina. Katekisimu yemwe uja, pa nambala 2289, akuchenjeza za kupembedza thupi. Ngati mukadali m'nyumba ya makolo, mverani mau ao. Ndipo dziwani kuti dziko silisintha tsiku limodzi: chiweruzo cha anthu n'chosalungama, koma mudzakumana nacho pofuna ntchito ndi pofuna banja. Walira mvula walira matope. Dekhani, ganizani chaka chathunthu, funsani amai anu aang'ono kapena ankhoswe a ubatizo. Koma ngati mudalemba kale, kaya mukukondwa nayo kaya mukudandaula, musathawe tchalitchi. Ulemu wanu sudathere mu inkiyo.

Kwa ife tonse

Inu anyamata, tatuu ya mtsikana si kalata yokuitanani. Chilakolako chimene chabuka mwa inu ndi chanu, ndipo pa Mateyo 5:28 Ambuye adaika mlandu pa woyang'anayo, osati pa woyang'anidwa. Ngati mudamkonda mtsikana chifukwa cha khalidwe lake, musamsiye chifukwa azakhali anu aona kaduwa pa mkono. Mwamuna wothawa mbeta yake poopa mau a anthu adzathawanso mkazi wake tsiku la mavuto.

Inu ankhoswe ndi makolo, ntchito yanu n'kufufuza khalidwe, ndipo ntchito imeneyo njofuna miyendo ndi makutu. Kafunseni kwao, kafunseni kumene adagwira ntchito, muone m'mene amalankhulira ndi ana ndi okalamba, m'mene amasungira ndalama ndi chinsinsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo muyeso umene mukuyesera mwana wa mnzanu muyeserenso mwana wanu wamwamuna. Kumbukirani Yuda pa Genesis 38, amene adalamula kuti mpongozi wake Tamara atenthedwe chifukwa cha mimba, kufikira mkaziyo adatulutsa chidindo, chingwe ndi ndodo za mwini mimbayo, zimene zidali za Yuda yemweyo. Kumbukirani mkazi wa pa Yohane 8, amene adamgwira ali ndi mwamuna koma adabwera naye yekha.

Inu atsogoleri a Miphakati ndi a mabungwe, ndi ife ansembe, tilibe mphamvu yopanga malamulo amene Eklezia sadapange. Ngati chizindikiro cha munthu chikutivuta, timuitane, tikhale naye pansi, timve mau ake. Kufafaniza dzina pa mndandanda mwakachetechete ndi mantha, si utsogoleri. Tikhulupirira kuti pali chizindikiro chimodzi chosafafanizika chimene mkristu aliyense ali nacho, cha Ubatizo, ndipo chimenecho mtsikana uja ali nacho monga tonsefe. Chimenecho ndicho chimampatsa malo m'nyumba ya Atate, ndipo komiti siingathe kuchichotsa.

Mufuna kudziwa m'mene nkhani ija idathera. Mtsikanayo adajomba Malamulungu anai. Lachisanu adabwera, wavala juzi ya mikono yaitali m'mwezi wa Okutobala, nakhala pa benchi lomaliza. Amene adanyamuka kukakhala naye pafupi ndi gogo wina wa zaka zoposa 80, woyenda ndi ndodo, amene mphini zake zikuonekabe m'masaya ngakhale khungu lachita makwinya. Potuluka adamgwira dzanja, nakweza yekha mkono wa juziyo, nati, "Ine sindidziwa kuwerenga, mdzukulu wanga. Tandiwerengere." Mtsikanayo adawerenga dzina la mai ake, ndipo gogoyo adati, "Ndidaliko ku maliro ao. Mawa ubwere ndikakuonetse pamene adagona."

Gogo ameneyo sadapite ku seminale, koma adachita chimene ife a mabuku tidalephera. Ankhoswe aja sadabwererenso, ndipo bala limenelo sitingathe kulipoletsa ndi nkhani ya m'magazini. Chimene tidatha kuchita n'kupita kwa mtsikanayo kukapepesa, ndi kubwezera dzina lake pa mndandanda. Iye adati ayambe waganiza, ndipo ali ndi ufulu wotero. Tikumuyembekezabe. M'parishi mwanu aliponso wina wokhala pa benchi lomaliza, wovala juzi nyengo yotentha. Lamulungu likubwerali, pitani mukakhale naye, ndipo musanagamule kanthu, mumufunse.